Wogwira mchira nayenso ndi mwana wa parishi

Mwambo woitana mayina a ana pabwalo tsiku lotsekera sukulu, kuyambira nambala wani mpaka wogwira mchira, uthe m'sukulu zathu za pulayimale za Akatolika. Uthe chaka chino, tisachite kudikira kuti unduna utilembere kalata. Ndikudziwa kuti ambiri amene timalemba ndi kuwerenga nyuzipepala timaukumbukira mokoma mwambowu, poti ndife tinkaimirira koyambirira, amayi athu akululuta, amalume akuvina ndalama ili m'manja. Amene ankaitanidwa kumapeto, anthu atayamba kale kuseka, salemba ndemanga m'nyuzipepala. Ena a iwo sanapondenso pasukulu kuyambira tsiku lomwelo.

Tsikuli ndi lokongola, n'chifukwa chake ndikulidandaulira. Ndi mu Julaye, mphepo ya mwera ikuwomba, m'nkhokwe muli kanthu, anthu apumako ku ntchito za kumunda. Ana amadzuka m'bandakucha, yunifolomu yochapa dzulo, m'manja kajumbo ka chimanga chokazinga, mtedza, mbatata yootcha kapena mandasi, wamwayi kampunga ndi Sobo. Belu la tchalitchi likalira sukulu yonse imalowa ku Misa, pamodzi ndi ana a mipingo ina, pakuti sukulu ya mishoni imalandira mwana aliyense wa m'deralo. Kwaya ya ana ikuimba, ng'oma ndi maseche zikulira, atsikana akuvina kutsogolo, mtulo wa nzimbe ndi mazira ukupita kuguwa. Bambo mfumu amauza anawo kuti Mulungu amamudziwa aliyense wa iwo ndi dzina lake, ndipo pamaso pake palibe woposa mnzake. Misa ikatha onse amatulukira pabwalo, pomwe mabenchi ayalidwa kale pansi pa mtengo: a nyakwawa, apampando a komiti ya sukulu, a PTA, amayi a Mother Group, akatekisi, asisitere ngati alipo. Ndakatulo, sewero lodzudzula odula mitengo, chimtali cha atsikana, beni kapena mganda wa anyamata. M'midzi yambiri, kupatula pa maliro ndi pa ukwati, palibe tsiku lina limene limasonkhanitsa anthu ochuluka chotere, a zipembedzo zonse ndi zipani zonse, pa nkhani ya ana awo.

Ndiye amaimirira mphunzitsi wa kalasi, pepala lili m'manja. Nambala wani, nthungululu. Nambala thu, nthungululu. Makope, zolembera, sopo, ndalama zofupa zikugwera m'mbale. Pofika pa nambala 30 phokoso latsika, makolo ena ayamba kucheza zawo. Kenaka amabwera mawu amene mwana aliyense anagona akuwaopa: amene sindinawatchule alephera. Sukulu zina zimalekera pamenepo. Zina zimapitirira, kutchula olepherawo mmodzimmodzi ndi malikisi awo omwe, n'kuwaimika mbali yawoyawo kuti mudzi uwaone bwino. Anzawo amawakuwiza. Akuluakulu amene posachedwa pompa anali chogwada m'tchalitchi amaseka nawo. Kamwana ka zaka 8 kamazembera kuseri kwa makalasi, kajumbo kake kosatsegula, n'kudzera njira ya kumunda kuti asakaone anthu, ndipo kunyumba kukukadikira chikoti kapena kumanidwa nsima.

A bambo mfumu, ulaliki wanu wa m'mawa ndi pepala la masana lija zikutsutsana, ndipo mwana amakhulupirira pepala. Iye saweruza Mpingo ndi zimene timanena paguwa, amauweruza ndi zimene amuchita pabwalo. Sukulu ina iliyonse ikachita zotere yalakwa. Koma ya Katolika ikachita yadzikana yokha, chifukwa Mpingo sunayambitse sukulu m'dziko muno kuti uzisankha ochenjera. Ansembe a chipani cha Montfort atafika ku Nzama, m'boma la Ntcheu, mu 1901, ndipo a White Fathers atakhazikika ku Mua mu 1902, kenaka ku Likuni ndi ku Kachebere, ntchito ya sukulu inkayendera limodzi ndi ya tchalitchi. Kanyumba ka udzu ka m'mudzi kankakhala kalasi pakati pa sabata, Lamulungu n'kukhala nyumba ya mapemphero, ndipo mphunzitsi yemweyo ndiye anali katekisi. Ndi Mpingo womwewu umene unatsegula sukulu za ana osamva ku Mua ndi ku Nguludi, ndiponso koleji ya Montfort yosula aphunzitsi a ana a ulumali, kutsata ana amene mabanja ena ankawabisa m'nyumba. Msonkhano wachiwiri wa ku Vatican, m'chikalata chake cha maphunziro cha mu 1965, unapempha abusa ndi akhristu kuti sukulu za Katolika zisamale makamaka ana osauka, ana osowa chisamaliro cha banja, ndi ana amene sali m'chikhulupiriro chathu. Nayo kalata ya aepiskopi athu ya pa 8 Malichi 1992, imene timainyadira poti inagwedeza ulamuliro wa chipani chimodzi, sinkakamba za ndale zokha. Inadandaulanso za kuthithikana m'makalasi, kuchepa kwa aphunzitsi ndi zipangizo, ndi kusiyana kwa mwayi wa maphunziro pakati pa ana. Aepiskopi anadzudzula boma chifukwa cha mwana wotsalira m'mbuyo. Zatheka bwanji kuti lero sukulu ya aepiskopi omwewo iziimika mwana wotsalirayo pabwalo kuti anthu amuseke?

Tiyeni timuyang'anitsitse wogwira mchirayu tisanamuseke. Boma la Bakili Muluzi litachotsa fizi ya pulayimale mu 1994, ana olembetsa sukulu anachoka pa pafupifupi 1.9 miliyoni kufika pa pafupifupi 3 miliyoni m'chaka chimodzi. Chinali chinthu chabwino, ndipo palibe munthu wanzeru angafune kuti tibwerere m'mbuyo. Koma makalasi, madesiki ndi aphunzitsi sizinachuluke mofanana ndi anawo, ndipo mpaka lero tikuthamangira kumbuyo kwawo. Boma limafuna mphunzitsi mmodzi pa ana 60. Pitani ku Sitandade 1 kapena 2 ya sukulu yakumudzi, ngakhale ya mishoni, mukapeza ana oposa 100 atakhala pansi, ena m'kalasi yopanda chitseko, ena pansi pa mtengo. Mwana uja wakhala kumbuyo chaka chonse, bolodi osaliona, buku akulimbirana ndi anzake, kope lake osachongedwa chifukwa munthu mmodzi sangachonge makope onsewo belu lisanalire. Mu Januwale ndi Febuluwale, njala itafika pachimake, anajomba masiku ambiri ali ku ganyu ndi amake kapena akulera mng'ono wake. Mtsinje unadzaza, sanawoloke. Malungo anamugoneka. Kuchigawo chakumwera, mu Malichi 2023, namondwe wa Freddy anasandutsa makalasi kukhala misasa ya anthu othawa madzi, ndipo ana ena anataya makope, yunifolomu, ngakhale makolo omwe. Wina khutu limodzi silimva bwino, palibe anamuyezapo. Mtsikana wa Sitandade 6 amakhala kunyumba masiku angapo mwezi ndi mwezi chifukwa pasukulu palibe chipinda chosinthira chokhala ndi madzi.

Zonsezi zimalowa mu nambala imene timawerenga pabwalo ija, koma potchula timatchula dzina la mwana yekha. Dzina la nduna silimveka. La phungu amene analonjeza mdadada wa makalasi pa kampeni silimveka. Lathu ife makolo, amene chaka chonse sitinati bwera nalo kope lako ndilione, silimvekanso. Malipoti a unduna wa zamaphunziro akhala akuonetsa kuti mwa ana anayi kapena asanu alionse a ku pulayimale, mmodzi amabwereza kalasi, ndipo amene amafika kumapeto kwa Sitandade 8 ndi pafupifupi theka lokha. Kulephera kochuluka chotere sikungakhale ulesi wa ana. Ndi mlandu wa dziko lonse, ndipo ife tausenzetsa kamwana.

Mayankho a okonda mwambowu ndawamva, ndipo si opanda nzeru. Akuti mpikisano ndiwo umadzutsa ana. Akuti wochita manyazi chaka chino adzalimbikira chaka chamawa. Akuti sukulu za Akatolika zili ndi mbiri yokhozetsa ana chifukwa sizinyengerera ulesi. Pa mfundo yoyamba ndikuvomera ndithu. Mwana amene walimbikira ayamikiridwe, aitanidwe kutsogolo, amayi ake avine mpaka fumbi likwere. Sindikupempha kuti nthungululu zileke. Koma kuyamika wokhoza sikulira kuti pakhale wina wonyozedwa, ndipo mphatso ya nambala wani sichepa chifukwa choti dzina la nambala 90 silinatchulidwe. Pa za manyazi, amene amatiuza kuti anasekedwa kenaka n'kulimbikira alipodi, ndipo sakunama. Koma timawamva chifukwa anapulumuka. Anzawo amene sanapulumuke ali pa kabaza, ali kumsika akugulitsa majumbo, ali m'mabanja amene analowa ali ana, ndipo palibe amawapatsa mpata wolankhula pa tsiku lotsekera sukulu. Mnyamata wa zaka 14 amene ali mu Sitandade 4 pakati pa tiana, wabwereza kale kawiri, mawu ayamba kukula, mukamuimika pabwalo ndiye kuti mwatsanzikana naye. Sadikira kuti mumuchotse m'kaundula, amadzichotsa yekha.

Nayo mbiri yokhozetsa anayo tiifunse mafunso. Mayeso a PSLCE, amene a MANEB amalembetsa, ndiwo akulamulira moyo wonse wa sukulu zathu. Malo ku sekondale ndi ochepa: mwa ana amene amakhoza chaka ndi chaka, osankhidwa sakwana theka, ndipo ambiri mwa osankhidwawo amapita ku ma CDSS. Kholo lililonse limalota Likuni Boys, Mtendere, Zomba Catholic, St. Mary's, Ludzi, Providence kapena Marymount, ndipo silikulakwa kulota. Koma malotowa abala zizolowezi zoipa. Pali sukulu zimene zimagwira ana ofooka mu Sitandade 7 kuti asakaipitse chiwerengero cha okhoza. Pali kumene aphunzitsi onse odziwa ntchito amaunjikidwa mu Sitandade 8, ana akugonera pasukulu ndi kuphunzira mpaka Loweruka, pomwe Sitandade 1, kumene mwana amaphunzira kugwira pensulo ndi kuwerenga, yasiyidwa ndi mphunzitsi mmodzi ndi chikhamu cha ana. Chonsecho timanena tokha kuti m'mera mpoyamba. Ndiye pa tsiku lotsekera ahedi amalengeza kuti chaka chatha pafupifupi onse anakhoza, anthu n'kuwomba m'manja, popanda wofunsa kuti ana amene anayamba Sitandade 1 ndi okhozawa anali angati, nanga enawo ali kuti. Funso limeneli ndi la mwini sukulu, ndipo mwini sukulu ndi Mpingo. Boma limalipira aphunzitsi ndi kupereka silabasi, koma malo ndi a mishoni, dzina la woyera ndi limene lili pachikwangwani, ndipo anthu akamati ana anga ali ku sukulu ya Katolika amayembekeza kuti pali china chosiyana ndi kwina.

Tsopano kwabweranso magauni. Tinkaziona ku sukulu za mkombaphala ndi zolipira za m'tauni, lero zikufika ndi ku mishoni: ana a Sitandade 8 avale mkanjo ndi chisoti ngati a ku yunivesite, zotsatira za MANEB zisanatuluke n'komwe. Gauni yobwereka, keke, tenti, zokuzira mawu, wojambula zithunzi, nsalu yofanana ya makolo, zonsezo pa msonkhamsonkha. Wosapereka asabwere, kapena abwere koma asalowe m'holo. Motero mwana wamasiye amene wapirira zaka 8 akuleredwa ndi agogo, woyenera chikondwerero kuposa wina aliyense, amasuzumira pawindo anzake akudya mpunga. Kwinanso amakaniza lipoti chifukwa kholo silinamalize ndalama ya chitukuko kapena ya mlonda, ngati kuti mwana ndiye amasunga chikwama cha pakhomo. Lamulo la maphunziro la 2013 linanena kuti pulayimale ndi yokakamiza kwa mwana aliyense. Sitingakakamize mwana kubwera kusukulu chaka chonse kenaka n'kumutsekera kunja tsiku la chisangalalo. Phwando lichitike, koma lichitike mmene timachitira zinthu kumudzi: wa ufa abweretse ufa, wa nyemba nyemba, wa nkhuni nkhuni, wa nkhuku nkhuku, wopanda kanthu abweretse manja ake, zonse ziphikidwe pamodzi. Pa maliro sitifunsa munthu risiti tisanamupatse nsima.

Ngati tikufuna mayina otchula pabwalo, alipo ambiri amene sitiwatchula. Bungwe la Mary's Meals linayamba kudyetsa ana 200 okha kuno ku Malawi mu 2002, ndipo lero limadyetsa ana oposa 1 miliyoni m'sukulu za dziko lino. Phala lake ndi lija la chimanga ndi soya limene dzina lake linachokera ku mishoni ya Likuni. Koma ufa sudziphika wokha. Amaphika ndi amayi a m'midzi yozungulira sukulu, mosinthanasinthana, osalandira kanthu. Amadzuka kukadali mdima, nkhuni pamutu, kutunga madzi pamjigo, kutakasa phala m'miphika ikuluikulu utsi uli m'maso, kuti belu likamalira makapu akhale atadzaza. Ana ambiri amene timawaimbira nthungululu afika pa nambala wani phala la amayi amenewa lili m'mimba. Atchulidwe amayiwa mudzi ndi mudzi, aimirire, ana awawombere m'manja. Atchulidwe abambo amene anaumba njerwa ndi kututa mchenga wa chimbudzi chatsopano, mlonda amene amagona panja mu Juni, mphunzitsi wothandizira amene amadikira kangachepe kochokera kwa makolo miyezi ingapo, ndi mphunzitsi wa Sitandade 1 amene analandira ana osadziwa ndi chilembo chimodzi chomwe koma lero akuwerenga. Nthawi yochitira zimenezi ilipo, ingochotsedwa ku zolankhula za mlendo wolemekezeka, amene kawirikawiri amafika mochedwa ana atanjenjemera kale ndi mphepo, n'kulankhula mpaka anthu kuiwala chimene anadzera.

Mwa ana namonso muli oyenera kuitanidwa kutsogolo amene mndandanda wa manambala suwaona. Mwana amene sanajombe chaka chonse ngakhale amachokera kutsidya kwa dambo. Mwana amene anali kumapeto teremu yoyamba koma wakwera mpaka pakati. Mnyamata amene amakankha njinga ya mnzake wolumala m'mawa uliwonse popanda womutuma. Mtsikana amene wabwerera m'kalasi atabereka, monga mmene ndondomeko ya boma yakhala ikulolera kuyambira mu 1993, ngakhale akudziwa kuti ena amuloza chala. Izi si mphatso zopepesera olephera. Kupirira, kukhulupirika ndi kuthandiza mnzako ndi zimene timaphunzitsa ana ku Tilitonse ndi ku kalasi ya Ukaristia woyamba, ndipo ngati sukulu ya Katolika siziona kukhala zoyenera mphatso, ndiye kuti ikuuza anawo kuti zimenezo ndi za Lamulungu basi.

Nanga kholo lidziwa bwanji mmene mwana wachitira? Lipoti liperekedwe m'manja, m'kalasi, kholo, mwana ndi mphunzitsi atakhala pansi. Ndikudziwa kuti kwa mphunzitsi wa ana 100 ndi ntchito yolemetsa, makamaka sabata yomaliza pamene akuchonga mpaka usiku. Ayambe ndi amene sanakhoze, pakuti ndiwo akufunika kukambirana, ndipo a komiti ndi a Mother Group athandize kuitana makolo. Mphunzitsi anene kuti mwanayu masamu akutha koma kuwerenga ndiko kukuvuta. Anene kuti akuoneka ngati saona bwino, mupite naye kuchipatala. Afunse kuti teremu yachiwiri anasowa nthawi yaitali, chinachitika n'chiyani pakhomo. Agogo osadziwa kuwerenga amapindula ndi mawu otere, chifukwa amachoka akudziwa chochita. Nambala yolengezedwa pabwalo imangowauza kuti akwiye.

Inu aphunzitsi, sindikukuimbani mlandu. Mwambowu munaupeza, ndipo enanu munaimapo pabwalo lomwelo muli ana. Mukugwira ntchito yolemera pa malipiro osafika kumapeto kwa mwezi, ena m'nyumba zodontha, ena mukupalasa njinga mtunda wautali. Ambiri a inu mumawadziwa anawa kuposa ife: mumadziwa amene amabwera osadya, amene amagona m'kalasi chifukwa kunyumba anthu anakangana usiku wonse. Nzeru zimenezo ndi zimene mudzi ukuzifuna kwa inu pa tsiku lotsekera. Ndipo inu makolo amene mumati popanda kumva manambala mwambo sunakome, dzifunseni ngati mungalole kuti pa msonkhano wa mudzi a nyakwawa aziwerenga matumba a chimanga amene aliyense wakolola, kuyambira wochuluka mpaka wopanda kanthu, ana anu akumva.

Chimene chimandiwawa koposa ndi nyengo imene timachitira zimenezi. Timatsekera mu Julaye, kutsegulira mu Seputembala. Tchuthi chachitalichi chimagwa m'nyengo ya zinamwali ndi maukwati, ya magule ndi madansi a usiku, ndalama za fodya ndi soya zikadali m'matumba a amuna. Mnyamata amapita kunyanja kukakoka nawo khoka, kukaweta ng'ombe za eni ake, kapena kutauni kukagulitsa mazira owiritsa, n'kulawako ndalama yakeyake. Mtsikana wa zaka 14 amene wauzidwa pamaso pa mudzi wonse kuti mutu wake sugwira, ndiye kubwere mwamuna womuuza kuti ndi wokongola ndipo amugulira foni, mukuganiza kuti ayankha chiyani? Pa tsiku limene timayenera kumanga mwana ndi sukulu yake kuti alakelake kubwerera, ndi pamene timadula chingwecho ndi manja athu. Malamulo alipo: la maukwati la 2015 ndi kusintha kwa malamulo aakulu a dziko mu 2017 zinakhazikitsa kuti munthu asalowe m'banja asanakwane zaka 18. Inkosi Theresa Kachindamoto ya ku Dedza, m'dera lomwe muli mishoni ya Mua, inadziwika dziko lonse lapansi pothetsa maukwati a ana mazanamazana, kubweza anawo kusukulu ndi kuimitsa mafumu ovomereza maukwatiwo. Mfumu inkavutika kukatulutsa ana m'mabanja. N'zochititsa manyazi kuti sukulu iziwakankhira komweko.

Akatolika tilibe chowiringula, chifukwa njira yofikira mwana aliyense tili nayo kale. Kuyambira m'zaka za m'ma 1970, pamene Episkopi Patrick Kalilombe ankalimbikitsa miphakati mu dayosizi ya Lilongwe ndipo aepiskopi a chigawo chino cha Africa anagwirizana kuti Mpingo uzikhazikika pa timagulu ta mabanja oyandikana, parishi iliyonse inagawidwa motero, kwina amati mphakati, kwina limana. Anthu amenewa amadziwana khomo ndi khomo. Amadziwa amene wadwala, amene ukwati wake sunadalitsidwe, amene sanapereke za masika. Kukakhala pepa sande yomangira tchalitchi kapena yogulira galimoto ya parishi, uthenga umafika nyumba iliyonse sabata isanathe. Ngati tingathe kupeza munthu aliyense pofuna chopereka, tingathenso kupeza mwana aliyense amene wasowa m'kalasi.

Choncho m'malo mowerenga olephera pagulu, ahedi akhale pansi ndi apampando a miphakati, amayi a Mother Group ndi a nyakwawa, chitseko chotseka, n'kugawana mayina a ana amene akuopsa kuti sabwerera: ojombajomba, obwereza, amasiye, atsikana amene amveka mphekesera za chibwenzi ndi akuluakulu. Dzina lililonse likhale ndi munthu wamkulu mmodzi amene alonjeza kuti akafika pakhomopo mu Ogasiti, kukacheza ndi makolo, kukaona ngati vuto ndi yunifolomu, kope, matenda kapena mwamuna wina. Mwana wa Msilamu, wa CCAP, wa mpingo wina uliwonse kapena wa banja losapemphera alowe m'ndandanda womwewo, ndipo ashehe ndi abusa a m'deralo apemphedwe kuthandiza, pakuti mwana wa mnzako ngwako yemwe. Makalasi amakhala otseka tchuthi chonse, pomwe achinyamata a parishi amene abwera kuchokera ku sekondale ndi ku koleji akusowa chochita. Apatsidwe makiyi ndi choko, aziwerengetsa tiana ta Sitandade 2 ndi 3 m'mawa, kwaulere, osati patitaimu yolipira imene imathandiza okhawo amene ali nazo kale. Amayi a Chikatolika amene amasoka ndi kugula nsalu za zikondwerero angathe kusokanso mayunifolomu angapo a ana amene akabudula awo atha kumbuyo.

Zonsezi sizifuna chilolezo cha unduna kapena ndalama za azungu. Dziko lino lili ndi madayosizi 8, Blantyre, Lilongwe, Chikwawa, Dedza, Karonga, Mangochi, Mzuzu ndi Zomba, ndipo iliyonse ili ndi oyang'anira maphunziro. Kalata imodzi ya ambuye episkopi yopita kwa abambo mfumu ndi ahedi Julaye asanafike ikwanira kuthetsa kuitana olephera pabwalo, kukaniza malipoti ndi maphwando otsekera osauka kunja. Parishi imene ili ndi bambo mfumu wolimba mtima ingayambe ngakhale kalatayo isanalembedwe, pa msonkhano wotsatira wa komiti ya sukulu. Ndipo mu Okutobala, sukulu zitatsegulira, ofesi ya maphunziro ya dayosizi isafunse chabe kuti angati asankhidwa kupita ku sekondale. Ifunsenso sukulu iliyonse kuti ana amene anatsekera mu Julaye anali angati, amene abwerera ndi angati, osowawo ndi ndani, ndipo ndani wapita kwawo kukawaona.